Nkhululu Imene Tinaitseka Pakamwa

1

Ndine namwino, kapena ndinene kuti ndinali. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo ku tchalitchi ndine ndinkayambitsa nyimbo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti amene akuulula pano si munthu wosadziwa chabwino ndi choipa. Ndinkadziwa, ndipo ndinkaphunzitsa ena.

M'chipinda mwathumo munali kabati yachitsulo imene kiyi wake ndinkasunga ine. Mkati munali zovala zapulasitiki, magolovesi, matumba, tepi yofiira, ndi kabokosi kachikasu koyezera cheza choopsa chija madokotala amati radiyeshoni. Cheza chimenechi sichioneka ndipo sichinunkha, koma chimawotcha munthu mpaka m'mafupa. Kabokosiko kakachimva kamalira kuti tche-tche-tche, kamuvi kake n'kumakwera. N'chifukwa chake tinkakatchula kuti Nkhululu.

Kamodzi pachaka tinkayeserera ngozi ya cheza. Anzanga ankaona ngati sewero la ana a sukulu. Mkulu woyendetsa chipatala, amene tinkamutcha a Tayi chifukwa tayi ndiyo inali nzeru yawo yonse, ankabwera mphindi khumi zomaliza ndi wojambula zithunzi.

"Sisitala, imani apa. Nkhululuyo ikwezeni ioneke."

"Bwana, wodwala wathu woyesererayo akadali pansi."

"Msiyeni, safa."

Ine ndekha ndinkawatenga malamulowo ngati katekisimu. Pulumutsa moyo kaye. Vula wodwala zovala zonse, uzimange m'thumba. Msambitse ndi madzi ofunda ndi sopo, osamukhula mpaka kumusupula. Ndipo panali malamulo awiri amene ndinkabwereza mpaka anzanga kundiyeseza kumbali: oyeza akhale awiri, wina kuyeza, wina kulemba; ndipo Nkhululu isatsekedwe mawu.

Mwamuna wanga ankagula ndi kugulitsa zitsulo zakale. Anali ndi yadi yake ndi lole yake, ndipo ku tchalitchi anali mkulu wa mpingo. Akayamba kupemphera, amayi ankayamba akhazika ana pansi. Tinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi popanda mphatso ya mwana, ndipo iye ankaiika nkhaniyo m'pemphero pagulu, dzanja lamanja lili m'mwamba, kuti aliyense adziwe mtanda umene anasenza.

Chitonthozo changa chinali mwana wa mng'ono wanga. Mng'ono wangayo ndinamulera ndekha makolo athu atamwalira, ndipo ankakhala kutsidya lina la tauni ndi kamtsikana kake ka zaka zitatu. Bambo wa mwanayo akuti anathawa mimba isanaoneke. Kamtsikanako ndinkakatcha Kambalame, poti kankadya pang'ono n'kumaimba tsiku lonse. Iko kankanditcha amayi aakulu.

2

Lachitatu lina mwamuna wanga ananyamuka, akuti akupita kutali kukagula zitsulo pa fakitale ina yotsekedwa, abwera sabata yamawa. Ndinamupakira malaya atatu.

Lolemba m'mawa ndikusintha botolo la madzi a wodwala, ndinamva mnzanga akuti, "Sisitala, si bambo akunyumba awa?"

Anali iye, atakhala pa njinga ya odwala, beseni lili pamiyendo. Manja onse awiri anali otupa, matuza ali mbwee ngati wagwira mbaula. Dokotala wathu, mayi wachitsikana wosachedwa kufunsa, anawerama n'kuyang'ana.

"Mwapsa ndi chiyani, bambo?"

"Sindinakhudze moto, adokotala."

"Mankhwala a batire?"

"Ayi."

"Kusanzaku mwayamba liti?"

"Masiku anayi apitawo. Mwina ndi ufa uja."

"Ufa wanji?"

Anafotokoza monyadira pang'ono, ngati munthu amene watola mwayi. Pakati pa zitsulo panali chinthu chonga chitini, cholemera kuposa msinkhu wake. Anachiswa ndi nyundo pofuna mtovu. Mkati munali ufa umene pamdima unkawala mobiriwira, wokongola ngati nyenyezi.

Miyendo yanga inanditengera yokha ku kabati. Ndinayatsa Nkhululu ndili pakhomo, mapazi khumi kuchokera pamene anakhala. Inayamba kulira. Nditayandikira, kulirako kunasanduka mluzu umodzi wosadukiza.

Tsiku limenelo sewero lija linagwira ntchito. Tinayala mapepala pansi, tinamata tepi yofiira kulekanitsa mbali yodetsedwa ndi yoyera, tinamuvula, tinamusambitsa katatu, tinatenga magazi. Anzanga aja ankandiyeseza ankangoti, "Kenako chiyani, Sisitala?"

Dokotala anaima pamzere wofiira ndi pepala.

"Chitinicho munachiswa liti?"

"Lachitatu."

"Kuti?"

Anayang'ana beseni. "Ku yadi kwanga."

Yadi yake ili mphindi makumi awiri kuchokera pakhomo pathu.

3

Dokotala sankadziwa za ulendo uja. Anatembenukira kwa ine nkhope itagwa.

"Sisitala, pepani. Masiku asanu nyumba imodzi, bedi limodzi. Vulani zapulasitikizo tikuyezeni, ndipo kunyumba kwanu kupite anthu."

Anandiimika pakati pa chipinda, manja otambasula. Mnzanga anayendetsa Nkhululu pang'onopang'ono monga ndinamuphunzitsira: tsitsi, nkhope, khosi, chifuwa, zikhato, mapazi. Inangoti tche, n'kupuma, tche, monga imachitira paliponse. Anabwerezanso. Anaigogoda ndi chala, n'kuilozetsa kwa mwamuna wanga kuti aone ngati yafa. Inakuwa. Anaibweza kwa ine. Chete.

"Mulungu ndi wabwino, Sisitala," anatero, koma maso ali pansi.

Aliyense m'chipindamo anawerenga zimene Nkhululu inalemba. Mwamuna wakhala m'tauni masiku asanu, ufa uli m'zikhadabo ndi m'tsitsi, ndipo mkazi wake alibe ngakhale kanjere. Otsuka pansi anazimva nthawi ya tiyi isanakwane. Ndinaona mmene ankandipatsira moni, mwaulemu wopitirira, ngati wamasiye.

Madzulo kunafika akatswiri a boma. Anatseka yadi, anapeza chitinicho, anayeza lole. Kunyumba kwathu anapeza koyera ngati guwa. Mkulu wawo, bambo wa imvi wosadziwa kuseka, anatiitana.

"Ufa sunakwane. Pafupi ndi chitini tapeza supuni. Munthu sagwiritsa supuni pofuna kutaya. Anatapa n'kuika penapake, ndipo kumene uli ukuwotcha munthu pamene tikulankhula pano."

Lachiwiri m'mawa ndinavala zapulasitiki n'kulowa m'chipinda chimene anamupatula. Manja anali atakulungidwa ngati mitolo iwiri.

"Abambo, ufa wotsala uli kuti?"

"Amayi, ino si nthawi yokumbana. Tiyeni tipemphere."

"Pempherani nokha, njira yaitali mumaidziwa. Ine ndikufunsa ufa."

"Unatayika."

"Munkagona kuti?"

"M'lole."

"M'lole muli simbi? Malaya amene tinakuvulani anali ongositidwa kumene. Inu simudziwa ngakhale pogwirira simbi."

Anatseka maso n'kuyamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro. Mkulu wa mpingo, wodziwa kuti penapake munthu akupsa, anasankha kusunga dzina lake. Ndinamuyang'ana ndipo sindinamve chisoni. Ndinamva chimene umamva ukatsegula mphika woiwalika.

4

Boma linalengeza kuti aliyense amene anafika ku yadi kapena kukhudzana ndi mwamuna wanga abwere adzayezedwe. Pofika masana mzere unali utafika pa geti. Poti sindikanaloledwa kusamalira mwamuna wanga, anandiika pa kachipinda ka pakhomo kuti ndiziyeza anthu mmodzimmodzi, mnzanga akulemba m'buku.

Nkhululu inalira pa nsapato za mlonda wa ku yadi, ndipo amayi awiri a pamzere anathawa. Posakhalitsa a Tayi anatulukira, thukuta lili kamukamu.

"Sisitala, chinthuchi chikuopseza anthu, ndipo kunjaku kuli atolankhani. Chitsekeni mawu. Kamuvi kakukwanirani."

"Bwana, lamulo likuti..."

"Lamulo ndine. Ndipo mnzanuyu ndimubwereke, akaime kumbuyo kwanga ndi zovala zapulasitikizo. Inu muli ndi manja awiri, muzilemba nokha."

Ndinakanikiza kabatani. Nkhululu inatseka pakamwa, ndipo ndinatsala ndekha ndi buku.

Cha m'ma 3 koloko kunabwera amayi a ku tchalitchi, akuti kudzalimbikitsa a mkulu wa mpingo. Anabwera ndi nyimbo pakamwa ndi mafunso m'maso. Poti ena anapatsana naye moni pamsewu, onse analowa pamzere. Womaliza anali mng'ono wanga, atamanga mpango m'khosi dzuwa likuswa mtengo.

"Achemwali, pepani ndi zimene zagwazi. Alamu ali bwanji?"

"Ali moyo. Tambasula manja."

"Ine sindinafike ku yadi, ndangoperekeza amayiwa."

"Tambasula."

Ndinamuyeza monga ndinayezera ena onse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinalemba m'buku.

"Ndili bwino?"

"Pita."

"Kambalame akukufunsani."

"Umupatse moni."

Lachitatu akatswiri anayendayenda ndi galimoto m'misewu, makina ali pawindo, osapeza kanthu. Bambo wa imvi uja anakafunsanso mwamuna wanga kawiri, n'kutuluka akupukusa mutu. Pa mapemphero a m'mawa a anamwino anandipempha kuti ndiyambitse nyimbo. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anzanga anati ndi chisoni, n'kundisisita pamsana.

5

Lachinayi, nditangofika pantchito, foni inalira. Anali mng'ono wanga.

"Achemwali, Kambalame akusanza chiyambire mbandakucha. Ngakhale madzi akubweza. Ndimupatse chiyani?"

"Wadya chiyani?"

"Palibe chachilendo. Kungoti dzulo ndinamupeza akuseweretsa..."

"Akuseweretsa chiyani?"

"Kabotolo kena. Ka zodzola."

"Anatsegula?"

Ndinamva mwana akulira chapatali, kulira kotopa.

"Tamvera. Kabotoloko usakakhudze. Mutulutse mwana panja, umuvule zonse, zovalazo uzisiye pomwepo. Usamupatse chakudya ndi manja akowo. Aliyense asalowe m'nyumbamo. Tikubwera."

"Achemwali, mukudziwa bwanji kuti..."

"Ndinadziwa Lachiwiri."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinakubisirani, monga ndinabisira dokotala, akatswiri ndi Mulungu, ngati Iye amabisiridwa.

Lachiwiri lija, nditafikitsa Nkhululu pa tsitsi la mng'ono wanga, kamuvi kanadumpha. Pakhosi, pansi pa mpango uja, kanakagunda kumapeto n'kukhala komweko kakunjenjemera. M'zikhato chimodzimodzi. Nkhululu ikanakhala ndi mawu, anthu a pa geti akanamva. Mnzanga akanakhala pambali panga, akanaona. Koma tinali atatu basi: ine, iye, ndi kamuvi. Pamenepo ndinakumbukira malaya aja. Anasitidwa kuyambira kumbuyo kwa kolala, mizere iwiri pamkono, ndendende mmene ndimasitira ine. Munthu amene ndinamuphunzitsa kusita chotero ndi mmodzi yekha.

Ndinayang'ana nkhope imene ndinkaipukuta mamina, ikunditcha achemwali. Ndinatenga cholembera n'kulemba ziro.

Ndinadziuza kuti ndikungofuna abwere yekha, adzagwade, adzanene ndi pakamwa pake. Ndinati khosi limuyabwe tsiku limodzi kapena awiri, adziwe mtengo wa mphatso imene anapatsidwa. Komiti yofufuza nkhaniyi itandifunsa pambuyo pake, ndinati mkwiyo unandiiwalitsa kuti m'nyumbamo muli mwana. Anandikhulupirira. Linali bodza, ndipo ndi bodza limeneli landichititsa kulemba.

Sindinaiwale. Lachiwiri lomwelo nditaweruka, ndinakhala pa benchi ya panja pa chipatala n'kutsegula zithunzi za Kambalame mu foni. Ndinakuza chimodzi ndi zala. Kachibwano kogawanika pakati. Makutu opindikira kunja. Zaka zitatu ndinkapsompsona nkhope ya mwamuna wanga pa mwana wa mng'ono wanga, osaona. Ndinadziwa bwino lomwe kuti mwana wa zaka zitatu amagwira chilichonse n'kuika m'kamwa. Ndinaitembenuza foniyo chafufumimba, n'kupita kunyumba kukaphika.

6

Ndinatenga buku lija n'kukaliika patsogolo pa dokotala, chala chili pa mzere wa mng'ono wanga.

"Ziro uyu ndi wabodza. Ufa uli kunyumba kwake. Kuli mwana, ndipo wameza."

Anandiyang'ana kamphindi kamodzi. Sindidzaiwala mayang'anidwe amenewo, chifukwa ndi omwe ine ndinamuyang'anira mwamuna wanga. Kenaka ananyamula foni.

Kambalame anafika atakulungidwa m'nsalu ya chipatala. Nkhululu, mawu ake atabwezeretsedwa, inalira pa zala zake, pamilomo, ndi pamimba. Pamimbapo inaliranso titamusambitsa, chifukwa zamkati sopo safikako. Dokotala anaitanitsa makapisozi a buluu amene amakoka ufawo m'matumbo, ndipo ankawatsegula n'kumumwetsa pang'onopang'ono. Anandiletsa kuwoloka tepi yofiira. Mwanayo anandiona pakhomo.

"Amayi aakulu, kachilombo kakulira."

"Kakukuimbira nyimbo, mwanangu."

Kabotoloko anakapeza pansi pa bedi. Mwamuna wanga anathiramo ufa uja, n'kukamangirira ku tcheni kuti ukhale mkanda wowala. Mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu, kukometsera chibwenzi ndi imfa ya m'chitini. Amayi anayi a ku tchalitchi amene anagwirana chanza ndi mng'ono wanga anaitanidwanso kudzasambitsidwa. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itafika ku mpingo ife tisanafike.

Masana a Tayi anandiitanira ku ofesi, n'kutseka chitseko okha.

"Sisitala, tonse ndife anthu. Tinene kuti batire la Nkhululu linali lofooka. Inu mupulumuka, chipatala chipulumuka."

"Ndi amene analamula kuti itsekedwe mawu apulumuka."

"Musakhale ouma mutu. Zaka zonsezi mukufuna kuzitaya?"

"Bwana, batire linali latsopano. Ndinaliika ndekha."

Ndikanakonda kunena kuti ndinakana chifukwa cha chilungamo. Zoona zake n'zakuti ndinanyansidwa kuona kuti ine ndi a Tayi tafika pokwana m'thumba limodzi.

Magazi a Kambalame anatsika sabata yachiwiri. Anamuika m'chipinda cha yekha kuti asatenge matenda, tsitsi linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda. Dokotala anandiuza mosapsatira kuti akanabwera Lachiwiri, kabotolo kasanatsegulidwe ndi mwana, bwenzi atangomusambitsa n'kumubweza kunyumba. Ndinali nditaimitsidwa ntchito, koma tsiku lililonse ndinkabwera kudzaima pa galasi la chipinda chakecho. Tsiku lina ndinapeza mng'ono wanga ali pomwepo, khosi lili ndi bandeji.

"Munaona kamuvi," anatero, osanditembenukira.

"Ndinaona."

"N'kundiuza kuti ndipite."

"Iwe unanditcha achemwali utavala mphatso ya mwamuna wanga."

"Ine ndinakuberani mwamuna, sindikana. Mutengeni, ngati pali chotsala." Analoza pa galasi ndi chibwano. "Nanga uyu anakuberani chiyani?"

Ndinayang'ana pamene analozapo.

7

Ambuye anachita chifundo chimene palibe mmodzi wa ife akuluakulu anachiyenera. Sabata yachisanu magazi a Kambalame anayamba kukwera. Anatuluka atavala kachipewa, akuimba.

Mwamuna wanga anadulidwa zala zinayi za dzanja lamanja, lija ankakweza popemphera. Akukhala kwa mbale wake, ndipo ndamva kuti amauza anthu kuti anayesedwa ngati golide m'ng'anjo. Mng'ono wanga ali ndi chipsera pakhosi chimene mpango subisa. Ine anandilanda chiphaso cha unamwino, ndipo ndikugwira ntchito yopinda nsalu pa malo ena ochapira zovala. A Tayi analandira chikho chifukwa cha kukonzeka bwino kwa chipatala pa ngozi. Chithunzi chawo chili pakhoma, mnzanga uja ali kumbuyo kwawo ndi zapulasitiki. Dokotala anamata kabatani ka mawu a Nkhululu ndi guluu.

Owerenga anzanga, makamaka inu amayi amene munalakwiridwapo, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwawerenga mukuti, "Anachita bwino, akanamusiya apse." Ndikukumvetsani, chifukwa kulakwiridwa kumakoma mwa njira yake. Tsiku lija anandiimika pakati pa chipinda Nkhululu n'kukhala chete pa ine, pansi pa manyazi onse aja panali kunyada. Ndinati ndine woyera ndekha pakati pa odetsedwa, ndipo woyera ali ndi ufulu woweruza. Mwamuna wanga anakhala chete kuti asunge dzina lake, ndipo ndinamunyoza. Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe ndinakhala chete kuti ndidyetse mkwiyo wanga. Iye sankadziwa bwino chimene ufawo umachita m'thupi la mwana. Ine ndinkachiphunzitsa chaka ndi chaka.

Sindikukuuzani kuti mukhululuke msanga. Ine ndemwe sindinamalize, ndipo ndikamva dzina la mwamuna uja m'kamwa mumawawabe. Ndikungoti pamene mwakwiya, musakhale nokha ndi buku. Itanani wina aime pambali panu, aone chimene mukulemba.

Kambalame tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Miyezi itatu iliyonse amapita kukatengedwa magazi, ndipo madokotala akuti adzatero mpaka atakula. Amayi ake sandilankhula, koma tsiku la magazi amamusiya pa geti langa, chifukwa mwanayo amakana jakisoni ngati palibe amayi aakulu omuimbira. Ndimamugwira dzanja, ndimayambitsa nyimbo, iye n'kulandira.

Mwezi watha tikutuluka, anandifunsa kuti, "Amayi aakulu, ndinadwala chifukwa chiyani?"

Ndinamuuza kuti ndidzamufotokozera akadzadziwa kuwerenga bwino. Panopa wafika pa mawu a zilembo zinayi. Magazini ino ndaisunga m'kabati, ndipo kiyi ndidzamupatsa ndekha.